Masewera Olumpha m'Ndeke Pagulu: Malamulo, Maphunziro ndi Kasankhidwe ka Malo

Masewera olumpha m'ndeke pagulu, amene pa Cizungu amachedwa formation skydiving, ndi mpikisano umene anthu anai kapena 8 amatuluka m'ndeke nthawi imodzi ndi kumagwirana manja ndi miyendo mosinthasintha pamene ali kugwa, maparachuti asanatseguke. Gulu limene lakwanitsa magwiridwe ambiri molondola m'masekondi oikika ndilo limapambana.

Anthu ambiri m'cigawo cino ca Africa amadziwa parachuti ngati cida ca asilikali. Ku Malawi, mwacitsanzo, kuli gulu la nkhondo la Parachute Battalion ku Salima. Koma m'maiko ambiri anthu wamba nawonso amalumpha ngati masewera, ndipo mipikisano yao imayang'aniridwa ndi bungwe la Fédération Aéronautique Internationale, kapena FAI, limene linakhazikitsidwa mu 1905 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, m'dziko la Switzerland.

Woonera ali pansi amaganiza kuti cofunika ndi kulimba mtima basi. Koma mpikisano umenewu umapambanidwa ndi kukonzekera kumene kumacitika pansi, ndipo moyo wa wolumpha umadalira kwambiri malo amene wasankha kuphunzirirako ndi kutererako.

Mbiri yake mwacidule

Pa 22 Okutobala 1797, André-Jacques Garnerin anatsika ndi parachuti kucokera pa cibaluni mumzinda wa Paris. Mu 1919, ku America, Leslie Irvin analumpha m'ndeke ndi kutsegula parachuti ndi dzanja lake ali kale mumlengalenga. Izi zinatsimikiza kuti munthu angathe kugwa kwa kanthawi osakomoka, ndi kukhalabe ndi nzeru zake.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa olumpha ndi parachuti unacitikira ku Bled, m'dziko la Yugoslavia, mu 1951. Panthawiyo aliyense anali kupikisana payekha. Kugwirana mumlengalenga kunadza pambuyo pake, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse wa magulu unacitikira ku Warendorf, ku West Germany, mu 1975. Mu 1983 mpikisano womwewo unafika kum'mwera kwa Africa pamene unacitikira ku Sun City.

Pa 8 Febuluwale 2006, anthu 400 ocokera m'maiko osiyanasiyana analumpha m'ndeke zisanu za mtundu wa C-130 Hercules ku Udon Thani, m'dziko la Thailand, ndipo onse anagwirana pamodzi kwa masekondi oposa pang'ono anai.

Mmene mpikisano umayendera

Mpikisano wochuka koposa ndi wa anthu anai. Gulu limatuluka m'ndeke pa mtunda woposa pang'ono mamita 3,000 kucokera pansi, ndipo limapatsidwa masekondi 35. Gulu la anthu 8 limatuluka pa mamita pafupifupi 4,000 ndipo limapatsidwa masekondi 50. Pa mpikisano wathunthu gulu lililonse limalumpha maulendo 10. Palinso gawo la akazi okhaokha la anthu anai.

Magwiridwe onse amene angafunsidwe ndi odziwika kale, ndipo anajambulidwa m'buku la malamulo. Pa gulu la anthu anai pali magwiridwe 16 oima paokha, odziwika ndi zilembo kuyambira A mpaka Q kupatulapo I. Cilembo M, mwacitsanzo, ndi kagwiridwe ka nyenyezi, kamene onse anai amayang'anana atagwirana manja mozungulira. Palinso magwiridwe 22 odziwika ndi manambala. Awa ali ndi mbali ziwiri: gulu limagwirana, kenaka limagawika, zigawozo zimatembenuka kapena kusinthana malo monga mwa lamulo, ndi kugwirananso.

Mpikisano usanayambe, oweruza amacita maere kuti apeze magwiridwe a ulendo uliwonse. Ulendo umodzi umakhala ndi mapointi asanu kapena 6, ndipo gulu limawabwereza motsatana mpaka nthawi itatha. Kagwiridwe kalikonse kolondola ndi pointi imodzi. Pakati pa kagwiridwe kena ndi kanzake, onse ayenera kuoneka kuti atayana pa nthawi imodzi. Ngati dzanja la mmodzi lacedwa kutaya mnzake, kapena lagwira pamalo posayenera, pointiyo siiwerengedwa.

Magulu apamwamba amapeza mapointi oposa 25 pa ulendo umodzi, kutanthauza kuti kagwiridwe kamodzi sikatenga ngakhale sekondi imodzi ndi theka. Ena mwa magulu odziwika ndi Arizona Airspeed la ku America, ndi Hayabusa la ku Belgium limene linapambana mpikisano wa dziko lonse mu 2014, 2016 ndi 2018.

Nchito ya aliyense

Pa anthu anaiwo pali wakutsogolo, wakumbuyo ndi awiri apakati. Apakati ndiwo amasunga cimake ca gulu, ndipo nthawi zambiri mmodzi wa iwo ndiye amapereka cizindikiro cakuti kagwiridwe kakwanira, onse ataye. Wakutsogolo ndi wakumbuyo amayenda mtunda wautali ndi kutembenuka kwambiri.

Pali munthu wacisanu amene saoneka pa cithunzi, ndiye wojambula vidiyo. Iye amatuluka m'ndeke pamodzi ndi anzake, kamera ili pa cipewa, ndi kukhala pamwamba pao pang'ono. Oweruza amakhala pansi ndipo amaweruza zokhazo zimene zaoneka pa vidiyo. Ngati wojambula wapendeka ndipo dzanja lina labisika, gulu limataya pointi ngakhale linagwira bwino. Pa cifukwa ici wojambula amawerengedwa ngati membala weniweni wa gulu ndipo amalandira mendulo pamodzi ndi anzake.

Munthu akatuluka m'ndeke amatenga masekondi pafupifupi 10 kuti agwe mamita 300 oyamba. Pambuyo pake liwiro limakhazikika pa makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo amagwa mamita 300 pa masekondi asanu kapena 6 alionse. Olumpha amagona cafufumimba, ciuno citakankhidwira pansi. Manja ndi miyendo ndizo ciwongolero: akatambasula miyendo amapita kutsogolo, akatsitsa cigongono cimodzi amatembenuka, akapinda msana kwambiri amagwa msanga. Popeza anthu amasiyana kulemera, wopepuka amavala lamba wa zitsulo kuti onse azigwa mofanana. Zovala zao zimakhala ndi zogwirira zosokedwa pamikono ndi pamiyendo.

Nthawi ikatha, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kapena kuposerapo, aliyense amafulatira anzake ndi kuthawira kwayekha. Amatsegula parachuti pa mamita pafupifupi 900. Kupatukana kumeneku n'kofunika kuposa pointi iliyonse, cifukwa maparachuti awiri akatseguka moyandikana angathe kuombana ndi kukolana.

Maphunziro

Palibe amene amayamba ndi mpikisano. Njira zolowera m'masewerawa zilipo zitatu. Yoyamba ndi yolumpha atamangiriridwa kwa mphunzitsi, yochedwa tandem, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980. Iyi ndi yolawa cabe, pakuti nchito yonse amagwira ndi mphunzitsi. Yaciwiri ndi ya cingwe comangidwa ku ndeke, cimene cimatsegula parachuti munthu akangotuluka, pa mamita pafupifupi 1,000. Ndiyo njira imene asilikali amagwiritsa nchito kwambiri. Yacitatu ndi yochedwa AFF: wophunzira amalumpha kucokera pamwamba kwambiri, aphunzitsi awiri atamugwira uku ndi uku, ndipo amatsegula yekha parachuti. Akamakhoza, aphunzitsi amacepa mpaka atayamba kulumpha yekha.

M'njira ziwiri zomalizazi, wophunzira amayamba wakhala m'kalasi pafupifupi tsiku lathunthu. Amaphunzira kuwerenga cida coonetsa mtunda, kuzindikira parachuti imene yatseguka molakwika, kuitaya ndi kutsegula yaciwiri, kuwongolera, ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo.

Ziphaso zimayenda motsatana. Monga mwa malamulo a FAI ndi a bungwe la United States Parachute Association, ciphaso A cimafuna kulumpha maulendo 25, ciphaso B maulendo 50, ciphaso C maulendo 200, ndipo ciphaso D maulendo 500, kuonjezera pa mayeso olemba ndi a luso. Ulendo uliwonse umalembedwa m'buku la wolumpha ndi kusainidwa ndi mboni. Wofuna kulumpha ndi anzake amayamba ndi mphunzitsi mmodzi, awiriwiri, kufikira ataonetsa kuti angathe kuyandikira mnzake mosamugunda ndi kuthawa molunjika nthawi ikakwana.

Gulu likapangidwa, nchito yaikulu imacitikira pansi. Coyamba amayenda magwiridwe onse ataimirira, akugwirana monga adzacitira kumwamba. Kenaka amagona pa timatabwa tokhala ndi mawilo ndi kuyeseza pa simenti, kuti aliyense adziwe poyang'ana ndi mtunda umene adzayenda. Amayesezanso katulukidwe pa citseko copanga cofanana ndi ca ndeke, pakuti gulu limatuluka litagwirana kale, ndipo likasokonezeka pamenepo masekondi ambiri amatayika. Akatera amaonera vidiyo pamodzi ndi mphunzitsi ndi kukonza zolakwika asanakwerenso.

Masiku ano magulu amagwiritsanso nchito nyumba za mphepo, mmene makina amakankha mpweya kucokera pansi mwamphamvu yokwanira kuyandamitsa munthu. Ola limodzi m'nyumba yotere limapatsa gulu nthawi yofanana ndi kulumpha maulendo oposa 60. Komabe nyumbayi siiphunzitsa kutuluka m'ndeke, kupatukana kapena kutera.

Ndalama ndizo zimabweza ambiri. Aliyense amalipira mpando wake m'ndeke pa ulendo uliwonse, ndipo gulu limagawana mtengo wa mpando wa wojambula ndi malipiro a mphunzitsi. Magulu olimbirana zikho amalumpha maulendo mazanamazana pa caka. Motero magulu ambiri amatha osati cifukwa cosowa luso, koma cifukwa cakuti mamembala sanagwirizane poyamba za ndalama, masiku ophunzira ndi colinga cao.

Zida zoteteza moyo

Wolumpha aliyense amabereka maparachuti awiri m'cikwama cimodzi. Yaikulu angathe kuipinda yekha akaphunzira. Yaciwiri imapindidwa ndi katswiri wa ciphaso yekha, ndipo ku America lamulo limafuna kuti iunikidwe ndi kupindidwanso masiku 180 alionse, ngakhale isanagwire nchito.

M'cikwamamo mumakhalanso kacida kamene kamatsegula parachuti yaciwiri pakokha ngati munthu wakomoka kapena waiwala mtunda. Kodziwika kwambiri ndi CYPRES, kopangidwa ku Germany, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1991. Ka olumpha odziwa kamagwira nchito pa mamita pafupifupi 225 ngati munthu akali kugwa mwaliwiro. Pa masewera a gulu kacidaka n'kofunika kwambiri, cifukwa bondo kapena phazi la mnzake lingathe kumenya munthu kumutu.

Kusankha malo: citsanzo ca Kafue

Malo olumphira si bwalo la ndeke lokha. Ndi dera lonse limene mphepo ingafikitseko munthu. Tauni ya Kafue, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, ndi citsanzo cabwino poyeza malo, pakuti zambiri zimene wolumpha amafuna ndi zimene amaopa zimapezeka kumeneko pamodzi.

Coyamba ndi potera. Kumadzulo kwa tauniyi kuli madambo a Kafue Flats, cigwa cathyathyathya ca makilomita oposa 200 m'litali mwake, kucokera ku Itezhi-Tezhi. Poyang'ana kucokera kumwamba, malo otere amaoneka abwino koposa. Koma mbali yaikulu imasefukira m'nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira, ndipo kuculuka kwa madzi kumadaliranso mmene madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge akutsegulidwira. Madzi akaphwa, dothi la makande limauma ndi kung'ambika, mapazi a ng'ombe amasiya maenje, ndipo m'mphepete muli zulu zobisika mu udzu. Zonsezi zingathyole mwendo wa munthu wotera. Malo oterera amafunika kuwayendera ndi mapazi, nyengo zonse ziwiri.

Caciwiri ndi mtsinje. Munthu akagwera m'madzi, nsalu ndi zingwe za parachuti zingamukute, ndipo mu mtsinje wa Kafue muli ng'ona ndi mvuu. Malamulo a ku America amafuna kuti wophunzira avale coyandamitsa ngati alumphira pa mtunda wosapitirira makilomita 1.6 kucokera ku madzi akuya. Kalabu iliyonse yokhala pafupi ndi mtsinje wotere iyenera kukhala ndi bwato ndi woliyendetsa ali cire nthawi yonse imene anthu ali kumwamba.

Cacitatu ndi nthambo za magetsi. Kum'mawa kwa tauniyi kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge Upper, a mphamvu ya mamegawati 990, ndi Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, ndipo m'derali mumadutsa nthambo za mavoti 330,000. Nthambo sizioneka kucokera kumwamba kufikira munthu atayandikira kwambiri. Olumpha amaphunzitsidwa kuyang'ana nsanja ndi mitengo yake, ndi kukayikira mzere uliwonse woongoka, kaya ndi msewu, mpanda kapena malire a munda, pakuti nthawi zambiri waya umatsata pomwepo.

Kuonjezera apo pali msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone, njanji ndi ulalo wake umene unamangidwa mu 1906, fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ndi nyumba za anthu. Wophunzira amafunika bwalo lopanda copinga ciliconse pa mamita osacepera 100 mbali zonse kucokera pakati pake. Pafunikanso malo ena apadera otererapo ngati mphepo yamulepheretsa kufika pabwalo. Mapiri amene ali pafupi ndi tauniyi nawonso amawerengedwa, cifukwa mphepo ikadutsa paphiri, pamitengo itali-itali kapena panyumba yaikulu imavunduka, ndipo ingafooketse parachuti munthu ali pafupi kutera.

Kukwera kwa dziko

Kafue ili pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo Lusaka ili pamwamba kuposa apo. Pa malo okwera cotere mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha. Ndeke imafuna msewu wautali ponyamuka ndipo imakwera mocedwa, zimene zimaonjezera mafuta ndi mtengo. Parachuti nayo imathamanga kwambiri potera. Munthu amene anaphunzirira m'mphepete mwa nyanja ayenera kuyamba ndi parachuti yaikuluko akafika ku malo otere.

Mtunda wa mpikisano umayezedwa kucokera pansi pamene pali bwalo. Motero gulu la anthu 8 lolumpha pa mamita 4,000 m'dera la Kafue lingakhale pa mamita pafupifupi 5,000 pamwamba pa nyanja. Ku America lamulo limafuna kuti onse okwera apatsidwe mpweya wa okosijeni ndeke ikapitirira mamita pafupifupi 4,500 pamwamba pa nyanja. Wosowa mpweya umenewu amaganiza mocedwa koma iye mwini sazindikira. Gulu la anthu anai, lolumpha pa mamita 3,000, lingakhale pansi pa malire amenewa.

Nyengo

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula, mitambo ndi ziphaliwali. Olumpha saloledwa kupyola mumtambo, cifukwa saona pansi, anzao kapena ndeke zina. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye ndiyo imakhala ndi thambo loyera, ngakhale kuti kumwamba kumazizira kwambiri: kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, kotero zala zimafuna magolovesi.

Mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo imakula. Malire a wophunzira pa malamulo a ku America ndi mphepo ya makilomita pafupifupi 22 pa ola. Ndiyonso nthawi imene anthu amaocha thengo, ndipo utsi umabisa pansi. Mu Okutobala dzuwa likaomba pa nthaka youma pamabuka akamvulumvulu, amene angapinde parachuti munthu ali pafupi ndi pansi pamene palibenso mpata wotsegula yaciwiri. M'nyengo yotentha, nthawi yabwino yolumpha ndi m'mamawa ndi cakumadzulo.

Cilolezo ndi cithandizo

Mlengalenga muli eni ake. Ku Zambia za kayendedwe ka ndeke za anthu wamba zimayang'aniridwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012. Dera la Kafue layandikana ndi Lusaka, kumene kuli bwalo la Kenneth Kaunda International Airport. Kulikonse kumene kumadutsa ndeke zina, woyendetsa ndeke ya olumpha amafunika kulankhulana ndi oyang'anira mlengalenga asanatulutse anthu. Pafunikanso cilolezo ca mwini malo, ndipo ngati ndi malo a mfumu, ca mfumu ndi anthu ake.

Mtunda wa ku cipatala nawo umawerengedwa. Kuvulala kofala ndi kwa akakolo, miyendo ndi msana. Kalabu iyenera kukhala ndi galimoto yokonzeka, munthu wodziwa cithandizo coyamba, ndi njira yodziwika yofikira ku cipatala ca opaleshoni ya mafupa, monga University Teaching Hospital ku Lusaka.

Zofunsa asanalipire

M'cigawo cino ca Africa, makalabu okhazikika ambiri ali ku South Africa, kumene masewerawa amayang'aniridwa ndi bungwe la Parachute Association of South Africa. Ina mwa iwo ndi Johannesburg Skydiving Club ya ku Carletonville, imene ili pamalo okwera kuposa Lusaka. Ku Namibia anthu amalumpha ku Swakopmund, m'mphepete mwa nyanja. Magulu okonzekera mipikisano yaikulu amakonda Eloy ndi DeLand ku America, ndi Empuriabrava ku Spain, cifukwa ca masiku ambiri a dzuwa ndi ndeke zikuluzikulu.

Akulu anati safunsa anadya phula. Wofuna kuphunzira ali ndi ufulu wofunsa ngati kalabu inalembetsedwa ku bungwe la dziko, ndi kuona ziphaso za aphunzitsi. Angapemphe kuona kakhadi kosonyeza tsiku limene parachuti yaciwiri inapindidwa, ndi kufunsa ngati zida za ophunzira zili ndi kacida kotsegula pakokha. Aonenso ngati ciphaso cimene adzalandira cimavomerezedwa m'maiko ena.

Wofuna mpikisano ali ndi mafunso enanso. Malo ambiri okopa alendo amacita za tandem zokha, ndipo alibe maphunziro a gulu. Gulu la anthu anai ndi wojambula limafuna mipando isanu, pamene ndeke yaing'ono ya Cessna 182 imanyamula olumpha anai okha. Ndeke monga Cessna Caravan, PAC 750 ndi Twin Otter zimanyamula ambiri ndi kukwera msanga, kotero gulu lingalumphe kangapo pa tsiku. Pafunikanso aphunzitsi a masewera a gulu, bwalo la simenti loyesezerapo, ndi olumpha ena okwanira kupanga nawo gulu.

Cizindikiro cina ca kalabu yabwino ndi cakuti imaimitsa kulumpha mphepo ikakula, ngakhale anthu atalipira kale ndipo akudandaula.

Kukula kwa ngozi

Bungwe la United States Parachute Association linalengeza kuti mu 2023 anthu 10 anafa ku America pa maulendo olumpha pafupifupi 3.65 miliyoni. Ngozi zambiri za masiku ano sizicitika cifukwa cakuti parachuti yakana kutseguka. Zimacitika parachuti itatseguka bwinobwino, pamene munthu watembenuka mwamphamvu ali pafupi ndi pansi, waombana ndi mnzake, kapena wasankha parachuti yaing'ono yoposa luso lake.

N'cifukwa cake aphunzitsi amalimbikira zinthu zooneka zazing'ono: kuyang'anirana zida asanakwere, kusalumpha atamwa mowa kapena ali ndi cimfine cotseka makutu, kugwirizana mbali yoterera, ndi kubwereza maphunziro ngati papita miyezi osalumpha. Wacinyamata wa ku Kafue kapena kwina kulikonse amene akhumbira masewerawa ayenera kuyamba ndi kusankha kalabu yovomerezeka, kupeza ciphaso A, ndi kulumpha awiriwiri ndi mphunzitsi. Za mpikisano zimabwera pambuyo pa zimenezi.